Dothi la Bedi la Amayi

Liwaladzi,
15 Epulo 2024

Mlongo wanga Zainab,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko ku Lilongwe pamodzi ndi mwana wako Talandira. Kuno tilipo, Alhamdulillah. Idi tinadya bwino ngakhale tinakusowani. Mlamu wako Sumaiya ndi ana akupereka moni.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nkhani yake ndi yofuna kukhala nayo pansi. Ukudziwanso kuti pa foni makutu a Amayi sagwira kanthu, koma kalata amaimva ndikawawerengera mokweza. Ndapatsira a Leah, aja amabweretsa nsomba ku msika wa kwanuko sabata iliyonse.

Lachisanu lapitali Amayi anagwa ku dimba. Anaterereka potunga madzi pachitsime chija, ndipo akanapanda kuwamva azimayi ena amene amamweta udzu chapafupi, kaya bwenzi tikunena zotani lero. Sanathyoke, koma bondo lakumanzere latupa kwambiri. Dimba lija lili kutali, Zainab. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri sangamayende ola lathunthu khasu lili paphewa. Ine ndawaletsa koma sakundimva. Akuti ndine msodzi, za khasu ndidziwapo chiyani.

Ndiye ndaganiza chonchi. Iwe umagwira ntchito ku nazale, ndipo paja unandiuza za mabedi okwera, omanga ndi njerwa, amene anthu a m'tauni amalimamo ndiwo osawerama. Bwanji tiwamangire limodzi kuseri kwa nyumba, poti mjigo uli pafupi? Njerwa zilipo, zinatsala pomanga khitchini. Mphamvu zikhale zanga, nzeru zichokere kwa iwe. Undilembere kakonzedwe ka dothi lake, pajatu pakhomo pano ndi mchenga wokhawokha.

Ulembenso kalata ina yapadera ya Amayi, uwauze mosazungulira kuti dimba alisiye. Iwe amakumvera. Pansi pake ulembe dzina lako lonse, amakonda kuliona.

Ndine mlongo wako,
Bakari


Lilongwe,
22 Epulo 2024

Achimwene,

Wa alaikum salaam. Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira pamsika pomwepo, mpaka a Leah anandikhazika pa dengu. Bwanji simunandiimbire tsiku lomwelo? Bondolo mwapita nalo kuchipatala, kapena mukungothowa ndi madzi otentha? Ndapatsira mankhwala opaka ndi shuga pang'ono.

Maganizo a bedi ndi abwino, ndipo Mulungu akudalitseni powaganizira Amayi chonchi. Ine ndili kutali, inu ndiye maso athu. Tsono mumvetsetse, chifukwa ndimakudziwani ndi phuma lanu.

Musankhe malo amene dzuwa lam'mawa limafikapo, osati pansi pa mtengo wa mango. Bedilo m'litali likhale masitepe anayi, koma m'lifupi lisapose pamene dzanja la Amayi lingafike pakati ataima mbali iliyonse. Kukwera kwake lifike m'chiuno mwawo. Ndati mwawo, osati mwanu, inu ndinu mtali. Muwaimike pomwepo muyeze. Pamzere woyamba wa njerwa musiye timipata kuti madzi azituluka.

Pansi penipeni muike zidutswa za njerwa ndi timitengo touma, pamwamba pake mapesi ndi udzu, mupondereze. Kenako ndiye dothi. Mchenga wa pakhomopo musaudalire, madzi amangodutsa ngati mu sefa. Mupeze dothi lakuda lakudambo, lija loti mukalifinya m'manja limagwirana, koma mukaligogoda ndi chala limamwazika. Pa mabeseni atatu a dothi muziika limodzi la manyowa a mbuzi, limodzi la mankhusu a mpunga, ndi phulusa lodzaza manja awiri. Musakanizire pansi kaye, musanathire m'bedimo. Manyowa akhale owola, oti asiya kununkha. Aawisi amawotcha mizu, ndaona anthu kuno akulira nazo mbande zawo. Mankhusu mukapemphe kuchigayo, amangowataya.

Mukadzaza muthirire kwambiri, mufunditse udzu wouma, ndipo musiye masabata atatu osadzala kanthu. Dothi litsike likhazikike, komanso njere zonse za udzu zimene zabisala m'menemo zimere, muzizule. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Amayi adzafuna kudzala tsiku lomwelo, muwagwire dzanja.

Kalata yawo ndaiika m'kati momu. Muwawerengere pang'onopang'ono, mutakhala mbali ya khutu lakumanja.

Mlongo wanu,
Zainab


Amayi anga okondedwa,

Moni wochokera kwa ine ndi mdzukulu wanu Talandira, amene akukonzekera mayeso a Folomu 4. Ndamva za kugwa kwanu ndipo mtima wanga sunakhazikike mpaka lero.

Amayi, mwatilera ndi dimba limenelo. Yunifolomu yanga yoyamba inachokera ku tomato wa kumeneko, sindinaiwale. Koma tsopano thupi latopa. Tsiku lina mudzagwa popanda wokumvani, ndiye ine ndidzatani? Achimwene akumangirani bedi kuseri kwa nyumba. Muzidzalamo mpiru, anyezi, chilichonse chimene mtima wanu ukufuna, mutaimirira, tiyi wanu ali pambali.

Dimba lija lisiyeni, Amayi, ndakupemphani. Musalisungire ine. Ine sindidzabwera kudzalima kumeneko, moyo wanga uli kuno. Achimwene aone chochita nalo.

Ndine mwana wanu,
Zainab Sufiyani Maliko


Liwaladzi,
13 Meyi 2024

Mlongo wanga,

Salaam. Tonse tilipo. Bondo la Amayi laphwa, akuyenda ndi ndodo pakhomo pano. Mankhwala aja akuthandiza.

Kalata yako ndinawawerengera kawiri. Analira pang'ono, kenako anati poti wanena ndi Zainab, amva. Chiyambire tsiku limenelo sanapondeko ku dimba. Wachita ntchito yaikulu, mlongo wanga, kuposa momwe ukudziwira.

Bedi tamanga. Ndinawaimika monga unanenera, ndinayeza ndi chingwe m'chiuno mwawo, iwo akuseka kuti ndikuwasokera siketi. Timipata tamadzi ndasiya. Mapesi tinatenga kwa aneba, mankhusu anakasenza ndi Sumaiya kuchigayo maulendo anayi. Manyowa a m'khola mwathu anali aawisi, ndiye ndinakapempha akale kwa a Shehe.

Dothi ndinapeza labwino kwambiri, lakuda bii. Mnzanga wina amakumba ngalande kudambo, dothi lake linangounjikidwa pambali, anati tenga. Ngolo ziwiri zinakwana. Ndinalifinya monga unanenera, linagwirana, ndinaligogoda, linamwazika. Tinasakaniza pabwalo Loweruka, Amayi atakhala pampando akutilondolera ngati kapitawo. Tathirira, tafunditsa udzu. Tsopano tikudikira masabata ako atatu aja.

Masiku ano sindikupezeka kwambiri pakhomo. Mulungu watsegula khomo, ndapeza injini ya boti, ndiye tikumapita kutali kumene kuli usipa. Ukaimba foni osandipeza usadabwe.

Amayi akuti zikomo, akuti utumize mbewu.

Bakari


Lilongwe,
27 Meyi 2024

Achimwene,

Moni nonse. Ndakondwa kumva za bondo, ndipo za siketi zija ndawerengera anzanga ku ntchito, taseka tonse. Mwagwira ntchito, Achimwene. Sindinkayembekeza kuti munditsatira mpaka pa timipata tamadzi.

Mbewu ndatumiza: mpiru, repu, anyezi ndi kaloti. Kaloti afese mwachindunji, sawokera. Mukaona dothi latsika kwambiri muwonjezere pamwamba manyowa osakaniza ndi dothi lomwelo.

Za injini, mashallah. Mwaipeza bwanji, ndi yanu kapena mwagwirizana ndi munthu? Mundiuzenso za dimba. Musalisiye lisanduke tchire. Ngati Sumaiya angakwanitse, alimeko chigawo chimodzi, kapena mupatse mwana wa amayi aang'ono alime chaka chino. Nthochi zija zizisamalidwa, ndipo chitsime muchivindikire ana asagweremo.

Zainab


Lilongwe,
17 Juni 2024

Achimwene,

Idi Mubarak. Kwagwanji kumeneko? A Leah abwera maulendo atatu opanda kalata. Ndikawafunsa za kumudzi akungoti anthu alipo, maso ali pa nsomba zawo. Foni yanu ikulira osayankhidwa, ndipo dzulo munayankha n'kudula. Ya Sumaiya munati inagwera m'madzi.

Masabata atatu aja anatha kalekale. Amayi adzala? Mbewu zamera? Ngati akudwala musandibisire, ndine munthu wamkulu.

Zainab


Liwaladzi,
24 Juni 2024

Alamu,

Ndine Sumaiya. Pepani ndi kalembedwe kanga, sukulu ndinalekeza panjira, pepalali ndang'amba m'kope la mwana. Kalatayi ndapatsira msuweni wanga amene amayendetsa minibasi, bambo a kunyumba kuno sakudziwa kuti ndalemba. Apongozi ndi amene andituma, koma ngakhale akanapanda kundituma ndikanalemba, chifukwa ndatopa ndi kuyang'ana pansi.

Apongozi sakudwala, koma sakudya bwino. Nkhani yake ili chonchi.

Bedi lija tinalisiya monga munanenera. Tsiku lililonse m'mawa iwo amapita kukavundukula udzu n'kusuzumira, madzulo ine ndimathirira. Anali okondwa, alamu, amaitana aliyense wodutsa kuti adzaone. Sabata yachitatu zinthu zinamera zambirimbiri, ndiye tinapita awiri kukazula. Tazula pang'ono, ndinangoona asiya. Anagwira kambewu kena kofiira masamba ndi tsinde lomwe, anakayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anayamba kufufuza bedi lonse. Kanali paliponse. Anati uyu ndi bonongwe wofiira wa agogo awo, amene anabwera naye kuchokera ku Chia atakwatiwa, ndipo dera lino lonse palibe dimba lina limene amamera. Anatapa dothi, ananunkhiza, anapezamo tizigoba ta nkhono toyera. Anangoti, "Sumaiya, dothi ili ndi langa." Sanakalipe. Anandifunsa ngati ndikudziwapo kanthu, ine ndinati sindikudziwa. Ndinanama, Mulungu andikhululukire.

M'mawa mwake anatenga ndodo. Ndinawaletsa, anandiyang'ana kamodzi kokha, ndinangotenga chitenje n'kuwatsatira. Tinayenda maola awiri, akupuma pansi pa mtengo uliwonse.

Alamu, dimba kulibe. Nthochi zonse anadula. Chitsime anakwirira. Pakati penipeni padutsa ngalande yakuya, ndipo dothi la m'bedi lija ndi limene anakumba pamenepo. Mbali zonse ziwiri ndi mizere ya nzimbe, zayamba kale kutuluka. Apongozi anakaima pamene panali chitsime. Anyamata aganyu anathamanga kukaitana mwini nzimbe, bambo ena otchedwa a Raston, amene amalima nzimbe zogulitsa. Anabwera mwaulemu, anavula chipewa, anati malowo anawabwereketsa a Bakari kwa zaka khumi, monga mwini mbumba, poti amalume anamwalira. Apongozi anati dimba ili si la Bakari, ndi la akazi a m'nyumba mwawo, likupita kwa Zainab. A Raston anati akudziwa, n'chifukwa chake anakana kupangana kanthu mpaka ataona mawu a Zainab. Anatulutsa kalata yanu m'chikwama, anawerenga mizere itatu, ija yoti musalisungire ine, sindidzabwera kudzalima, Achimwene aone chochita nalo.

Pobwerera apongozi anakwera njinga ya kabaza, miyendo inakana. Injini ya a Bakari ija inachokera ku ndalama za a Raston. Ine ndinadziwa atagula kale, ndinaopa kunena.

Chiyambire pamenepo bedi sanaligwirenso. Mbewu zanu zili m'chitini. Bonongwe yekha akukula, ndipo andiletsa kumuzula. Ndi mwana wawo sakulankhulana. Iye akalowa, iwo amatembenukira kukhoma.

Zotsatirazi ndi mawu awo, ndalemba monga anenera, sindinachotsepo.

Zainab, ndine mayi ako. Dimba lija anandipatsa amayi anga, iwonso anapatsidwa ndi amayi awo. Ine ndimati likhala lako, kenako la Talandira. Kuwerenga sindidziwa, koma dzanja lako ndimalidziwa, ndaliona pa pepala lili m'manja mwa mlendo. Za Bakari sindikudabwa kwambiri, anayamba ali mwana kutenga chinthu n'kumakuthandiza kuchifuna. Koma iwe. Ukanabwera n'kundiuza pamaso kuti dimba mukulipereka, ndikanalira n'kutonthola. Koma mwandimangira kabedi kuseri kwa nyumba kuti ndizitanganidwa nako ngati mwana wopatsidwa chidole, pamene inu mukudula nthochi zanga. Unandiuza kuti ndidikire masabata atatu. Ndinadikira, ndimawerenga masiku, ndimati mwana wanga amadziwa za dothi. Kodi masabata amenewo anali a dothi, kapena anali oti nzimbe zigwire? Undiyankhe chimenechi chokha.

Athera pamenepo. Alamu, musanene kuti ndalemba ndine, ngakhale ndikudziwa kuti adzadziwabe.

Sumaiya


Lilongwe,
2 Julaye 2024

Amayi anga,

Ndikulumbira pamaso pa Mulungu amene adzatiweruza tonse, sindinadziwe. Dzina la Raston ndalimva koyamba m'kalata ya Sumaiya. Achimwene anandilembera kuti munagwa, anandipempha kuti ndikuuzeni musiye dimba, ine ndinaona ngati tikupulumutsa moyo wanu. Pamene ndinati aone chochita nalo, ndimanena zolambula ndi kusamala nthochi. Ndinawalemberanso kuti apatse wachibale alime, chitsime achivindikire. Afunseni kalata ya pa 27 Meyi, akuwerengereni ngati sanaing'ambe.

Masabata atatu anali a dothi, Amayi. Ndi mmene timachitira kuno ndi bedi lililonse. Sindinadziwe kuti munthu wina akuwerenga masiku omwewo ndi cholinga chake.

Ndikanakwera basi lero lomwe, koma Talandira wayamba mayeso ndipo ndilibe womusiyira. Akangomaliza ndikubwera. Idyani, Amayi, ndakupemphani. Mundikwiyire mutadya.

A Leah ndawauza kuti kalatayi aipereke m'manja mwa Sumaiya, osati mwa wina aliyense.

Mwana wanu,
Zainab


Liwaladzi,
9 Julaye 2024

Zainab,

Kalata yako a Leah anandipatsa ine kudoko, anati akuthamangira galimoto. Ndaiwerenga. Amayi sindinawawerengere ndipo sindiwawerengera, chifukwa magazi awo akuthamanga kale, sindikufuna kuwonjezera moto. Ukabwera udzanena wekha.

Ndaona kuti wandisandutsa mbava. Chabwino. Koma tamvera nanenso.

Unachoka pano zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Denga likadontha amakwera ndani? Amayi atadwala malungo chaka chatha, anawabereka ndani mpaka kumsewu? Atagwa ku dimba anakawanyamula ndani m'matope? Kugwa kuja sindinapeke, anagwadi, ndipo akanagwanso. Iwe umatumiza shuga ndi malangizo. Ine ndakhala ndikupalasa bwato la eni kuyambira ndili mnyamata, mapewa atha, ana anga anayi akukula, ndipo mwambo ukuti dimba ndi la Zainab, amene ngakhale malire ake sangawaloze. Ine ntchito yanga n'kulondera chuma cha mlongo wanga mpaka ndife, ana anga osalawako.

Sindinagulitse. Ndabwereketsa, zaka khumi zikatha libwerera. Malo sathawa. Ndipo mawu aja sindinakulembere ine. Unalemba wekha kuti sudzabwera kudzalima, moyo wako uli kumeneko. Kodi unanama? Ine ndinangotenga zoona zimene unanena n'kuzigwiritsa ntchito.

Kuti sindinakuuze, ndikuvomera. Ukanakana, ndipo ukanakana uli ku Lilongwe, manja ali oyera. Bedi ndinamanga ndi mtima umodzi, njerwa iliyonse ndinaika ndekha. Dothi ndinatenga kumeneko chifukwa ndi labwino kuposa lina lililonse, ndinafuna kuti Amayi akhale ndi labwino. Kulakwa kwanga n'kumeneko, ndikanatenga la kwina bwenzi pano tonse tili pamtendere.

Sumaiya ndalankhula naye. Za m'nyumba mwanga zisakukhudze.

Bakari


Liwaladzi,
30 Julaye 2024

A Bakari,

Ndili kumudzi. Ndinafika Loweruka ndi Talandira, n'kumva kuti inu munanyamuka Lachinayi ndi boti lanu kupita ku Ngala, akuti usipa wasamukira kumeneko. Kalatayi ndapatsira mmodzi wa anzanu amene wabwera kudzatenga mafuta. Muiwerenge yonse.

Amayi ndinawapeza atakhala pakhonde, atatha thupi moti mpango umachita kuzungulira kawiri. Ndinagwada, ndinapereka salaam, anayankha monga amayankhira munthu wofunsa njira. Talandira ndiye anamukumbatira. Sabata zinayi zathunthu akhala akuganiza kuti ndinalandira funso lawo n'kukhala chete. Zimenezo munachita ndinu, mutakhala ndi yankho langa m'thumba. Za dimba mwina tsiku lina ndidzamvetsa. Izi sindikudziwa.

Lamulungu ndinapita kwa a Raston. Si munthu woipa. Akuti anapempha katatu kuti aonane ndi Amayi, inu munati ndi odwala, samva, ndipo zonse anazisiya m'manja mwa ana. Anandibwereka kalata yanga ija kuti ndikawawerengere Amayi. Ndinapitanso ku dimba. Malire ndinawaloza, a Bakari, onse anayi, kuyambira pa chulu mpaka pa mkuyu. Pamene panali chitsime ndinachita kufunsa.

Nditabwerako ndinakhala pamphasa kumanja kwa Amayi, ndinawerenga kalatayo yonse mokweza. Ndinawauzanso za ya pa 27 Meyi ndi ya pa 2 Julaye, Sumaiya anachitira umboni kuti anaziona m'thumba la jekete lanu. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anandifunsa kuti, "Mawu aja oti usalisungire ine, anakuuza ndi Bakari kuti ulembe?"

Ndinafuna kunena kuti inde. Ndinati, "Anandipempha kuti ndilembe kalata, koma mawuwo ndinasankha ndekha."

"Ndiye ndi oona?"

"Tsiku limene ndinalemba anali oona, Amayi."

Anasalaza mphasa ndi dzanja. Kenako anati, "Mmodzi wandinamiza, wina wandiuza zoona. Zonse zikupweteka, koma wa zoona ndikhoza kudya naye." Anauza Sumaiya kuti abweretse phala, anamwa theka.

Ndiye pamenepo munanena zoona, mawu aja ndi anga, ndipo ndidzawasenza. Zoti mwavutika pakhomo pano ndi zoonanso. Mukanandilembera kuti mlongo wanga, mapewa atha, ana akukula, tiyeni tikambirane za dimba, mwina tikanakangana mwezi wathunthu, koma tikanakangana ngati ana a mimba imodzi. Inu munasankha kundifunsa za manyowa. Ndinakhala pansi n'kukulemberani mabeseni atatu a ichi, limodzi la icho, ndikuthokoza Mulungu kuti ndili ndi mlongo wosamala. Munandiuzanso kuti ndilembe dzina langa lonse poti Amayi amakonda kuliona.

Akuluakulu a banja akhala pansi Loweruka pa 10 Ogasiti, a Raston avomera kubwera. Akuti akhoza kutibwezera kachigawo ka kumtsinje kamene sanadzalemo, zina zonse zidikire nzimbe. Nditawauza Amayi kuti dimba lidzabwerera pakatha zaka khumi, anawerenga zala zawo n'kuseka pang'ono. Mubwere pa tsikulo. Mukapanda kubwera tikamba mulibe. Ndipo Sumaiya musamuopsezenso, ali ndi mikwingwirima pamkono imene akuti anagwera pa mtondo. Ndaiona, Amayi aiona, ndipo idzakambidwa nawo pa 10 pomwepo.

Dzulo m'mawa ndinawapeza Amayi kuseri kwa nyumba, ataima pa bedi lija, ndodo atatsamiritsa ku njerwa. Dothi linali litauma pamwamba n'kuchita chikhakha, latsika pafupifupi chikhatho chimodzi. Sanandiitane, koma nditabwera ndi khasu laling'ono sanandithamangitse. Tinatipula, tinawonjezera manyowa amene anatsala, Talandira anatunga madzi. Bonongwe wakula mpaka watulutsa ngala, amusiya mbali imodzi kuti atole njere. Mbali inayo tafesa mpiru ndi anyezi. Kaloti akana, akuti ndi zakudya za ku Lilongwe. Bedilo munamanga bwino, msinkhu wake ndi wa m'chiuno mwawo ndendende, ndipo sawerama.

Tikusamba m'manja anati ndiwo zikakula Sumaiya azithyola, ana azidya, asamachite kupempha. Za inu sananenepo kanthu, ndipo ine sindinafunse.

Zainab